Kamtanda ka pa Foni ya Amake Lisa

Amake Lisa sadziwa kuwerenga, ndipo sabisa. Mukawapatsa pepala amalitembenuza uku ndi uku, kenako n'kukubwezerani, amvekere, "Nenani pakamwa, lilime muli nalo." Dzina lawo lenileni ndi Lestina. Ine ndine Victoria. Nyumba zathu zayang'anizana kuno kwa Kapichi, ndipo tatchola tiyi limodzi pa esiteti ya kumtunda kwathuku kuyambira tili ndi mano onse m'kamwa. Ine ndinalekezera Sitandade 8, choncho pa zolemba ndine maso awo. Koma foni yanga ikayamba misala, amene amandikonzera ndi iwowo.

Musaseke, ndikunena zoona. Sukulu anangoinunkhiza teremu imodzi, mayi awo n'kuwatulutsa kuti azikalera mwana m'mphepete mwa munda akuluakulu akamatchola tiyi. Atakula anayesako sukulu ya kwacha, koma tsiku limene mphunzitsi anawaimika kutsogolo kuti aimbe a-e-i-o-u pamaso pa apongozi awo, anangonyamula chitenje chawo n'kutuluka, osabwereranso. Amuna awo anapita ku Joni mwana wachiwiri ali kumsana, ndipo mpaka lero sitidziwa ngati ali moyo. Ana awiriwo, Lisa ndi mlongo wake Edson, anawalera okha ndi dengu la tiyi.

Foni ya tachi anawagulira ndi Edson ku Limbe, yakale, yong'aluka pakona. Tonse tinati mnyamatayu wangotaya mphamvu zake. Aa, mwezi usanathe mayi aja anali ataizolowera kuposa wogulayo. Zilembo saziyang'ana n'komwe. Amayang'ana mitundu, malo ndi tizithunzi, ndipo chilichonse anachipatsa dzina lawolawo. Kachizindikiro kojambulira mawu pa Watsapu kaja amati kamunsi, poti kamaoneka ngati munsi uli mumtondo. Timizere tosonyeza kuti uthenga wafika amati timakasu. Pa mayina a anthu anamuuza Edson awaikire tizithunzi: Lisa duwa, Edson njinga yamoto, mkamwini wawo Benard sipanala, achimwene awo a Raphael mbuzi. Ine anandiikira wailesi, akuti sindizima. Ndinakwiya sabata yathunthu, koma wailesiyo ilipobe.

Mavoisi, mauthenga ojambula mawu aja, ndiye amatumiza tsiku lonse. Akasangalala amalankhula Chinyanja, akapsa mtima amatembenukira ku Chilomwe, ndipo wolandirayo amadziwiratu pa mawu oyamba kuti lero kwavuta. Amadziwa chulu chimene netiweki imagwira kuseri kwa mabulugama. Ndipo simungawanamize. "Kamunsi kanachita buluu," amatero. "Munamva, musandipusitse."

Koma uthenga wolembedwa ukangolowa, mayi olimba aja amafooka. Amauyang'anitsitsa ngati ulankhula wokha, kenako amapisa foni pachifuwa n'kumadikira ine. Wina aliyense sampempha. Amati n'kusafuna kuti nkhani zawo zidziwike, koma ine ndimati ndi matama, ndipo ndinawauza kambirimbiri pamaso kuti matama amenewa adzatigwetsa m'mavuto.

A Raphael, achimwene awo aja, ndiwo mwini mbumba pa banjalo. Anali kalaliki pa sikelo yoyezera tiyi mpaka anapuma, ndiponso ndi mkulu wa mpingo. Dzanja lawo polemba, ee, lokongola. Kale mafoni asanabwere, mudzi wonse unkalembetsa makalata kwa iwo, opita ku Joni ndi ku Zimbabwe. Amadziwa mawu oyenera pa chilichonse: popempha mbeta, popepesa, polengeza zovuta. Koma foni yawo ndi ya mabatani, imakhala m'kapepala ka shuga, nthawi zambiri yozimitsa, akuti batire isathe. Za Watsapu amati ndi msika wa mabodza. Iwo ndi alongo awo amakondana, koma sangakhale pamphasa imodzi osakangana.

Zimene ndikufuna kukuuzani zinachitika m'Januwale wathayu, tiyi ataphukira kwambiri, nthawi imene kapitawo salola munthu kujomba ngakhale mutu ukuwawa. Lisa anali woyembekezera mwana woyamba, ndipo anali atapita kale ku chidikiro, pachipatala chachikulu cha ku boma. Masiku ake anali asanakwane. Amake anakonza zoti adzapite Loweruka kukakhala naye. Mwamuna wake Benard, wokonza mafoni pa Bvumbwe, ankapita kukamuona. Benard ndi mwana wabwino, waulemu, koma anakulira ku Ndirande, ndipo za kumudzi amazidziwa mwapatalipatali.

Tsiku lina m'mawa, Loweruka lisanafike, tikunyamuka kupita kumunda, amake Lisa anapeza beseni latsopano kuseri kwa chitseko, lija anamugulira Lisa kuti apite nalo kuchipatala. Anapsa mtima. Anadina kamunsi kuti amutumizire Lisa voisi, n'kuyamba kukalipa njira yonse, Chilomwe chokhachokha, za mwana wosasamala amene adzaiwale ndi khanda lomwe pa minibasi. Ine ndinkangoseka pambuyo pawo.

Kumunda kapitawo anatilekanitsa. Ine ananditumiza kumunsi kufupi ndi damu, iwo anatsala kumtunda. Mvula inkawaza, tonse tili m'mapulasitiki. Dzuwa litakwera pang'ono foni yawo inanjenjemera pachifuwa. Ataitulutsa anaona sipanala, ndipo pansi pake panali zilembo. Anadziwa pomwepo kuti pali vuto, chifukwa Benard sawalembera. Amadziwa kuti apongozi ake sawerenga, ndiye nthawi zonse amatumiza mawu. Anamuimbira, foni yake sinkapezeka. Anaimbira Lisa, inangoitana osayankhidwa. Kapitawo anali chapafupi pomwepo, magalasi ali pamphuno, munthu woti akanawawerengera nthawi yomweyo. Sanamupemphe. Anapitiriza kutchola, kudikira kuti tikumane pa sikelo masana.

Pa sikelopo anandikokera pambali, koma pambali pake panalibe, azimayi anali ponseponse ndi madengu awo. Ndinapukuta foniyo pa chitenje n'kuwerenga mokweza monga ndimachitira nthawi zonse: "Amayi matenda akula bwerani msanga ndi Edson." Kumapeto kwake kunali chilembo cha O, ndipo pambali pake kamtanda.

Kenako mayi wina kumbuyo anaponya dengu pansi n'kuyamba kulira.

Mwina inu a kutali simukumvetsa. Kwathu kuno munthu akamwalirira kutali ndi kwawo, sunena kuti wamwalira. Umanena kuti matenda akula, abale abwere. Umatero kuti munthu asakomokere panjira, akamve zenizeni atafika, pali anthu omugwira. Aliyense amene anaima pa sikelo paja analandirapo mawu amenewa, ndipo palibe amene anakapeza wodwalayo akupuma. Ndiye pamwamba pake kamtanda. Ine ndinangokhala pansi m'matope.

Kapitawo anavula chipewa n'kutiuza kuti tizipita. Pofika kumudzi mbiri inali itatitsogolera kale. A Raphael tinawapeza pabwalo la alongo awo atavala jekete lakuda. Anandiuza ndiwagwirire foniyo, poti iwo akaikhudza zinthu zimathawa, ndipo anawerenga kawiri.

"Mawu awa ndawalembapo ine ndi dzanja langa kosawerengeka," anatero motsitsa. "O ameneyu ndi kulira. Mtandawu mukuudziwa nonse, ndi umene timaika kutchalitchi pa dzina la amene watisiya. Mwanayu waopa kunena pakamwa, n'chifukwa chake walemba. Mdzukulu wanga wapita."

Sanali kunena mwankhanza. Misozi inali ikutsika m'masaya mwawo, chifukwa Lisa anamulera ngati wawo, ndipo ndi iwo anamuphunzitsa kugwira pensulo. Koma mwini mbumba salira nthawi yaitali, pamakhala zochita. Anatuma amuna kukadula nthambi zamasamba n'kuziyala pamsewu mbali zonse ziwiri za mudzi, kuti aliyense wodutsa adziwe kuti pano pagwa zovuta. Azimayi anayamba kutulutsa mipando m'nyumba ndi kuyala mphasa. Mtsikana wina wa kwaya, mnzake wa Lisa, anaika chithunzi chake pa sitetasi ya Watsapu ndi kandulo pambali. Sipanatenge nthawi Edson anachiona ali pa siteji ya njinga ku Bvumbwe, komwe amachita kabaza. Anaimbira amalume ake akulira, ndipo a Raphael anamuuza kuti asaime paliponse, abwere molunjika kumudzi adzawatenge, chifukwa wokalandira thupi kuchipatala ndi malume.

M'chipwirikiti chonsecho munthu mmodzi yekha sanalire. Amake Lisa anakhala pakhonde atatambalala, pulasitiki ya kumunda ikadali m'chiuno, maso ali pa foni. Azimayi ankanong'onezana kuti mutu waima, asiyeni, kulira kubwera. Ine ndinakhala pambali pawo n'kuwagwira phewa. Anandichotsa dzanja.

"Victoria, taonani apa."

Ndinayang'ana. Linali voisi lija la beseni.

"Pa sikelo paja kamunsi aka kanali kotuwa," anatero. "Ndinakayang'ana, ndipo panjira ndinakayang'ananso. Tsopano kachita buluu. Munthu wamvera mawu anga pa foni ya Lisa, ndipo wamvera uthenga wa Benard utabwera kale."

Ndinawaitana a Raphael. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anapukusa mutu. "Alongo, foni ndi chitsulo. Akhoza kudina namwino, akhoza kudina Benard posonkhanitsa katundu. Musadzizunze ndi tizithunzi."

"Foni ya Lisa imatseguka ndi chala chake."

"Chala chimakhalapo ngakhale munthu atapita."

Mawu amenewo anandilasa ngakhale ine. Choipa chake n'chakuti a Raphael sankanama. Chilichonse chimene tinali nacho chinkawerengeka pawiri. Foni yosayankhidwa ikhoza kukhala ya munthu wodwala, ikhozanso kukhala ya anthu amene akudikira abale afike kuti anene pamaso. Kulemba kwa Benard kukhoza kukhala changu, kukhozanso kukhala mantha. Ine ndinawafunsa amake Lisa za O ndi kamtandako, poti tizithunzi ndi gawo lawo. Anati mwina ndi timasewera ta achinyamata tomwe amaika kumapeto kwa uthenga, tilibe ntchito. Pamenepo nawonso anaphonya.

Anaimirira, n'kuvula pulasitiki ija. "Ine ndikupita."

"Mayi sapita yekha kukaona thupi la mwana wake," anatero a Raphael. "Dikirani Edson, dikirani galimoto, tipite mwadongosolo. Mukufuna anthu atiseke?"

"Aseke. Ine sindikukaona thupi, ndikukaona Lisa."

Anadutsa pakati pa azimayi olira aja, ena akuwagwira chitenje, iwo akukutumula. Atafika pamsewu anadumpha nthambi zija osayang'ana pansi. Ine ndinawathamangira ndi majombo anga a kumunda. Kunena zoona sindinkakhulupirira za kamunsi kawoko. Ndinkangofuna kuti akakagwa pakhomo la chipatala pakhale wowagwira.

Pamphambano tinapeza pikapu ya a Nuhu, amene amanyamula nthochi ndi anthu kupita ku boma. Anali ataona nthambi pamsewu podutsa, ndiye atationa sanafunse zambiri. Anatsitsa munthu wina kutsogolo n'kutikhazika ifeyo, anazimitsa wailesi, n'kunena pepani. Amake Lisa anawayankha kuti pepani wa chiyani, mwana wanga ali moyo. A Nuhu anandiyang'ana, ine ndinayang'ana kunja.

Msewu unali woterera, galimoto ikuyenda ngati ikuwerenga miyala. Pa mlatho wina tinaima kudikira thirakitala ya esiteti idutse, ndipo a Nuhu, mwina pofuna kuthetsa bata lija, anafunsa kuti uthengawo unati chiyani kwenikweni. Ndinawaonetsa. Anawerenga pang'onopang'ono, chifukwa nawonso sukulu sanapite nayo patali. Atafika kumapeto anabweretsa foniyo pafupi ndi maso.

"Uwu si mtanda, amayi. Awa ndi magazi."

"Magazi bwanji?"

"Mtundu wa magazi. Mkazi wanga Zaina atachira mwana wathu wachitatu anataya magazi ambiri. Anandiyeza ine, anayeza achimwene ake, ndipo pa kapepala kake analemba chimodzimodzi, O ndi kameneka. Akunenatu kuti bwerani ndi Edson. Akufuna magazi a Edson."

Ndinakumbukira kuti Edson ali ku sekondale ankapereka magazi, n'kumabwera kunyumba akudzitama ndi kakhadi. Benard ayenera kuti ankadziwa zimenezo. Sanalembe mwa mwambo, analemba zimene zinalipo: matenda akuladi, bwerani msanga, ndipo bwerani ndi magazi. Kuyambira dzuwa lija litangokwera Lisa anali akudikira, ife tikuyala mphasa.

Amake Lisa sanakuwe. Anangoti, "Edson ali kuti?" Ndipo tonse tinadziwa yankho. Kuchokera ku Bvumbwe kubwera kwathu umadutsa pa boma pomwepo. Mnyamatayo anali atadutsa kale pafupi ndi chipatala osaima, monga anamuuzira amalume ake, ndipo sitikanakumana naye, chifukwa a njinga amadulira m'tinjira ta m'minda ya tiyi. Magazi amene Lisa ankawafuna anali akuthamanga kumuthawa.

Amake Lisa anadina njinga yamoto. Inaitana mpaka kuduka. Anadinanso. Mvula ikamagwa Edson amakulunga foni m'pulasitiki n'kuiika pansi pa mpando. Anamusiyira voisi lalifupi, koma timakasu tinakhala totuwa. A Nuhu anali atayamba kale kuthamangitsa galimoto, nthochi zikugubuduka kumbuyo, anthu akumenya denga kuti tifa.

"Imbirani mbuzi," ndinatero.

"Yazimitsidwa imene ija."

"Lero ayatsa, pali maliro."

Anandiyang'ana moipa, koma anadina. A Raphael anayankha kamodzi kokha. Ine ndinalanda foni, chifukwa awiriwa akanayamba kukangana, ndipo ndinawafotokozera za a Nuhu ndi magazi. Ndinkayembekeza kuti atsutsa. Kunali phokoso la nyimbo za maliro kumbuyo kwawo.

"Chikundivuta chinthu chimodzi chichokereni inu," anatero kenako. "Uthenga wa zovuta supita kwa mayi. Umabwera kwa malume, malume ndiye amakauza mayi. Ndimati mwanayu sadziwa mwambo. Koma ngati sadziwa zimenezo, ndiye kuti sadziwanso kubisa mawu. Walemba zimene akuona." "Ambuye, ndamuitanira kuno mnyamata uja."

"Achimwene," anatero amake Lisa atandilanda foniyo, "kaimeni pamsewu. Akangoona masamba aja salankhulikanso, mumamudziwa. Mubwezeni asanatsike n'komwe."

Zimene zinachitika kumudzi ndinazimva pambuyo pake. Akuti a Raphael, munthu wa ndodo, anathamanga mpaka kumsewu n'kuyamba kukoka nthambi zija ndi manja awo, akuziponya m'ngalande, anthu akuyesa kuti chisoni chawasokoneza mutu. Edson atatulukira anawapeza ataima pakati pa msewu manja ali m'mwamba, jekete lili matope okhaokha. Sanamulole kuzimitsa njinga. Anamuuza kuti tembenuka, mlongo wako akufuna magazi ako, ndipo anakwera pambuyo pake.

Ife tinafika kuchipatala dzuwa litapendeka. Benard tinamupeza atakhala pansi m'khonde la kuchipinda cha amayi, thonje lili pamkono. Atationa anadzuka. Amake Lisa anamugwira malaya pachifuwa, zomwe mpongozi sachita kwa mkamwini.

"Bambo, ndiuzeni mawu amodzi. Akupuma?"

"Akupuma, amayi. Koma Edson ali kuti?"

Benard anafotokoza moduladula. Matenda anayamba mbandakucha, mwana anabadwa bwinobwino, wamkazi, koma magazi sanasiye. Botolo limene linalipo la mtundu wa Lisa anamuika, linatha, ndipo ena anali akuyembekezeka kuchokera ku Blantyre. Iye mwini anayezetsa, magazi ake sanagwirizane ndi a Lisa. Anaimbira Edson osayankha, batire ili pafupi kutha chifukwa kwawo magetsi anazima dzulo lake. Anayesa kujambula mawu, koma ankangolira, ndiye anaopa kuti apongozi ake akamva kulirako aganiza kuti Lisa wamwalira. N'chifukwa chake analemba. Foni itazima anabwereka ya munthu wina, n'kupeza kuti palibe nambala ngakhale imodzi imene amaidziwa pamtima. Munthu wokonza mafoni ameneyo. Ndinafuna kumutukwana, koma nkhope yake inandimvetsa chisoni.

Amake Lisa anapita okha kukayezetsa. Anawabweza, akuti magazi awo ndi ochepa, sangapereke. Ine mtundu wanga unali wina. Ndiye tinakhala pa benchi, maso ali kugeti. Namwino ankatuluka, n'kutiyang'ana, n'kubwerera. Atatuluka kachitatu anafunsa kuti mchimwene wake uja wafika kodi, ndipo mmene anafunsira sindinakonde. Amake Lisa ankangosisita foni ndi chala. Kamodzi anandifunsa motsitsa kuti, "Kapitawo uja akanawerenga, akanadziwa?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Koma tikanafika kale." Sindinawatsutse, chifukwa zinali zoona.

Njinga iliyonse yolowa pageti tinkaimirira. Imene inali ya Edson tinaidziwira jekete lakuda pambuyo pake. Mnyamatayo anaisiya ikugwa, n'kuthamangira kumene Benard ankamukokera. A Raphael anatsika movutika, miyendo itauma, n'kubwera kudzakhala pa benchi pambali pa alongo awo. Sanayang'anane. Patapita nthawi a Raphael anatulutsa Baibulo m'thumba, koma sanalitsegule, anangoligwira. Amake Lisa nawo anagwira foni yawo. Tinakhala choncho mpaka namwino uja anatuluka n'kunena kuti magazi akulowa, tsopano tidikire thupi lake liyankhe, ndipo madzulo amenewo sanalole aliyense kumuona.

M'mawa mwake analola anthu awiri, ndipo amake Lisa anandikoka dzanja. Lisa anali atagona chagada, milomo yotuwa, khanda lili pambali pake m'nsalu. Anatsegula maso pang'ono. Amake anaima kumiyendo kwa bedi, manja ali kumbuyo, ngati akudikira pa sikelo.

"Amayi, mwabwera."

"Ndabwera. Ndiwe unadina foni dzulo?"

Lisa anagwedeza mutu. Mawu ake ankamveka patali. "Inali pansi pa pilo. Ndinkaona ikuwala mukamaimba, koma mphamvu yolankhula ndinalibe. Nditamva anamwino akunong'onezana, ndinadziwa kuti mwina ndikupita. Ndiye ndinati ndimveko mawu a amayi anga komaliza. Ndinadina, n'kuika pakhutu." Anayesa kumwetulira. "Koma inu nkhani yake beseni, kuyambira poyamba mpaka kumapeto."

Ndawadziwa amake Lisa zaka zonsezi. Amuna awo atasowa sanalire pagulu. Dzulo lake mudzi wonse ukulira mwana wawo iwo anali gwa. Koma apa anagwada pansi, n'kuika mutu pa mapazi a Lisa, n'kulira mokweza mpaka namwino anabwera kudzaona. Ankangobwereza kuti, "Ndikanadziwa, mwanawe, ndikanakuuza zina."

"Ndinamvera kawiri," anatero Lisa.